Ng'ombe ya Mapaipi Kuseri kwa Bafa

Lolemba

Ndaziputa ndekha. Apongozi aamuna andiitanitsa m'mawa ndisanapite ku ntchito. Akuti Loweruka kukubwera alangizi a ziweto kudzathena ng'ombe yawo yamphongo, yakuda yosamva ija, ndiye pakufunika munthu woikola ndi chingwe. Apongoziwo msana wawavuta. "Inu a kalaliki, paja munati kwanu ku Dedza munakulira kubusa. Mudzatigwirira." Ndayankha kuti palibe vuto, bambo. Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Zoona zake ndi izi, ndipo zithere m'kope muno. Ndinakulira m'malayini a pa boma, bambo anga anali telala. Ng'ombe ndimaidziwa ikakhala m'mbale. Za kubusazo ndinanama pofunsira mbeta zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, kuti asandione ngati munthu wongodziwa mafayilo a ku koleji. Chikhalireni pa chikamwini pano, munda amalima ndi aganyu, denga anafolera ndi alamu. Chokhacho chimene apongozi amandiwerengera ngati mwamuna ndi ng'ombe za ku Dedza zomwe sindinawetepo. Bodza limeneli likaphulika ndiziyenda bwanji m'mudzi muno?

Koma nzeru zilipo. Pa foni ndaona azungu a zipewa zazikulu akuphunzira kuponya chingwe pa ng'ombe yopanga ndi mapaipi. Masiku anayi ndi ambiri. Zofunika:
mapaipi oyera aja angokhala pa denga la khitchini
sowo yodulira zitsulo
chigubu cha mafuta ophikira, chikhale mutu
chingwe
malo obisika, kuseri kwa bafa

Lachiwiri

Ndaweruka msanga. Ndikudula mapaipi. Mzungu wa pa foni ali ndi tizolumikizira togula kusitolo, ine ndili ndi moto wa zitsononkho ndi mphira ya tchubu cha njinga. Paipi ukaiwamba imafewa, nkulowetsamo inzake. Ukaiwamba kwambiri imalefuka ngati therere. Awiri apita choncho.

Miyendo inayi yatha, koma sikugwirizana. Ndafupikitsa wautali, wina watalika. Ndafupikitsa umenewo, woyamba uja watalikanso. Pofika madzulo ng'ombe yanga yatsika mpaka kufika msinkhu wa mbuzi, ndipo ikupendekerabe kumanzere.

Mayi a Tamandani, akazi anga, ali kukhitchini: "Chikununkha ngati waya wapsa n'chiyani?" Ndati ndikutentha zinyalala. Sanafunsenso, zomwe sizabwino.

Chala chapsa. Bandulo yatha pa foni mzungu asanafike pomanga mfundo ya chingwe.

Lachitatu

Tsiku loyamba loponya. Mphepo yozizira ikutsika m'phiri, manja achita dzanzi. Ndikuzunguza chingwe pamwamba pa mutu monga ndinaonera. Zimene ndakola lero:
mtengo wa papaya, kanayi
waya woyanikira zovala, pamodzi ndi chitenje cha Mvano cha akazi anga
khutu langa
tambala wa eni ake, amene wanditukwana mudzi wonse ukumva
ng'ombe, ayi ndithu

Kamodzi kokha chingwe chagwera pa chigubu, nkuterereka. Vuto ndi lakuti mutu ulibe nyanga. Ndamasula mahandulo a njinga yanga yakufa, ndawamangirira ndi mphira. Tsopano zikuoneka. Ndaifunditsanso masaka awiri ndi makoko a chimanga kuti ikhale ndi thupi, poti mapaipi okha amandisokoneza maso.

Ng'ombe yosapuma, yosathawa, yoima pamodzimodzi, ikundikanika! Zandikwiyitsa kwambiri, mpaka ndaimenya theche. Mwendo wakumbuyo waguluka.

Lachinayi

Mavuto ena obwera osaitanidwa. A Makwinja, mkulu wa mpingo wathu, afika nditangovula nsapato. Akhala pa khonde, alonjera nyumba yonse mmodzimmodzi, afunsa za chimfine cha mwana, kenako atsokomola. Akuti amayi opita kumjigo aona chinthu cha nyanga, chovala masaka ndi makoko, kuseri kwa bafa langa, ine ndikuchizungulira ndi chingwe. "Ife sitikuweruza, achimwene. Koma poti kwanu ndi kuja kumavinidwa gule wamkulu, anthu ayamba kuyankhula. Inu ndinu munthu wa kwaya."

Ndiye ndinene chiyani? Ndikati ndikuphunzira kukola ng'ombe, mawu afika kwa apongozi dzuwa lisanalowe, chifukwa a Makwinja ndi apongozi amakhala benchi imodzi m'tchalitchi. Ndawatengera kuseri, ndachotsa masaka, ndati ndi thandala loyanikapo mbale, lamakono. Ayang'ana nyanga zija nthawi yaitali. "Nanga izi?" Ndati n'zokolekapo makapu.

Apempherera nyumba asanapite. Pemphero lake lalitali, ndipo mawu oti mafano ndawamva kawiri.

Lero sindinaponye n'komwe. Kwatsala tsiku limodzi.

Lachisanu

Ndafika kuchokera ku ntchito, ndapeza ng'ombe yanga yasenza mbale, mapoto awiri pamsana, makapu atatu ku nyanga. Mayi a Tamandani amva kwa akazi a a Makwinja kuti amuna awo awapangira thandala. Nkhope yawo ili phee, ngati sakudziwa kanthu.

Nditaona kuti alowa m'nyumba, ndati ndiponye kamodzi kokha, ziwiya zili pomwepo. Ndipo taonani, chingwe chalowa bwinobwino m'nyanga zonse ziwiri! Koyamba sabata yonse! Mwa chimwemwe ndakoka. Zonse pansi. Kapu ya dongo ya alendo ija yasweka pakati.

Mayi a Tamandani atuluka, ayang'ana ziwiya, ayang'ana ine ndi chingwe m'manja. "Mapaipi amenewa ndinasungira kuti tidzakokere madzi kufika pakhomo, ndisiye kusenza ndowa. Mwawadula tizidutswa." Mlandu ndi wangadi. Potola mapoto awonjezera: "Komanso ng'ombe ya bambo siima chonchi kudikira munthu. Bwanji osangopita kukawauza?"

Kuwauza! Amayiwa sadziwa kuti mkamwini ulemu wake ndi wochepa ngati mchere wopempha.

Madzulo ndadutsa kukhola ngati ndikungoyenda. Yakuda ija yasiya kudya, yandiyang'ana, yapemerera m'mphuno. Ndi yaikulu kuposa mmene ndimaiganizira.

Loweruka

Ndilemba mwachidule, chigongono chikuwawa.

Alangizi afika pa njinga yamoto, chitsulo chawo chothenera chili m'chikwama. Anthu adzaza kukhola ngati kuli mpira. Apongozi aamuna akhala pa mpando, ndodo pa miyendo. "Tiyeni a ku Dedza, tioneni."

Ndazunguza chingwe. Ng'ombe yatulukira pa chipata chomwe ndinaiwala kutseka. Ndaithamangira, ndaponya ndili chitsinzinire, ndipo mwa tsoka langa chakola. Pa mapaipi ukakola nkhani yatha. Apa ukakola ndiye yayamba. Chingwe ndinali nditachikulunga pa dzanja. Yandikoka chafufumimba kudutsa m'munda wa chinangwa, kutsikira m'dimba la mpunga momwe angokolola kumene, matope m'kamwa, ziputu m'malaya, buluku lang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo.

Pomwe dzanja lamasuka, ndadzutsa mutu, ndaona mapazi. Apongozi aakazi. Zaka zisanu ndi chimodzi tikupewana monga mwa mwambo, iwo akatulukira uku ine ndimakhotera uko, sitinayang'ananepo m'maso. Lero ndagona pa mapazi awo, thako lili pamtunda.

Iwo atembenuka msanga kundipatsa msana, nkuuza mtengo wa mango kuti: "Auzeni bambo a Tamandani asadzuke kaye." Andiponyera chitenje chakumbuyo osacheuka. Kenako atenga beseni la madeya othira mchere, aligogoda katatu, akuitana ndi kamlomo. Chilombo chija chabwera chokha ngati mwana, chaviika mphuno m'beseni. Atola chingwe changa chomwe, akachimangirira ku mtengo. Alangizi agwira ntchito yawo, anyamata awiri atagwira miyendo.

Kuno ng'ombe saponyera chingwe. Amaiitana ndi madeya. Mudzi wonse umadziwa zimenezi kupatula ine ndi azungu a pa foni.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Thupi lonse likuwawa, komanso kwaya ikanaimba bwanji anthu akundiona?

Masana apongozi aamuna abwera okha, pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Chikwatirireni sanakhalepo pa khonde langa. Ndayamba kupepesa, ndati bambo, za kubusa zija...

Andidula. "Tinadziwa tsiku lomwe lija munabwera ndi ankhoswe anu. Munthu wokulira kubusa salambalala ndowe ngati mmene munkachitira inu, mutakweza buluku." Aseka mpaka kutsokomola. Kenako anena motsitsa mawu kuti ana awo aamuna onse anapita kukakwatira kwina, msana ukutha, ndipo khola likufuna munthu. "Zaka zonsezi ndimadikira kuti mubwere mudzati, bambo, sindidziwa, ndiphunzitseni. Lolemba lija ndimayesa munena. Inu mwakafunsa mapaipi."

Manyazi andigwira kuposa a dzulo. A dzulo anali a buluku chabe.

Ndati, bambo, sindidziwa, ndiphunzitseni.

Akuti chabwino, tiyamba mawa ndisanapite ku ofesi. Ndafunsa ngati ndibwere ndi chingwe. Akuti ayi, ndibwere ndi fosholo, phunziro loyamba ndi kuwola ndowe.