Mapu a Wilson ndi Fakitale ya Mabulangete

Nzeru zobadwira m'chipanda cha masese sizifika patali, koma amuna atatu amene ankamwa pa Mitundu panalibe wowauza. Linali Lachisanu, kampeni ya zipani zambiri itafika pachimake, ndipo Wilson ankajambula tauni ya Lilongwe pansi ndi kamtengo. Anzake ankamutcha Mapu poti adagwirako ntchito kumeneko kalekale.

"Uwu ndi mtsinje. Uwu mlatho, azungu adamanga agogo anga akuonerera. Mukapitirira mzikiti ndi masitolo a amwenye muona chumuni chofiira. Basi, fakitale ya mabulangete imeneyo! Ndinkasesamo ine, ndimaidziwa ngati munda wa amayi anga."

"Nanga alonda?" anafunsa Esau, wotchedwa Sipanala, munthu woti ngakhale chitseko chosakhoma amayamba wachithyola.

"Mawa kuli msonkhano wa chipani, aise. Onse akakhala akulimbirana nsalu zaulere. Dilu iyi ndi yakupsa kale."

Wachitatu, Jeremiya, ankangomwa masese ake. Iyeyu sanali mbava kwenikweni, anali mkamwini wa ku Nathenje amene fodya adamukana chaka chimenecho. Kuzizira kunali kutayamba, ndipo m'nyumba mwake munali bulangete limodzi lokha, la mkazi wake Rute. Amalume ake a Rute anali ataneneratu kuti mkamwini wofunda za mkazi abwerere kwawo. Jeremiya ankamukonda Rute kwabasi, ndipo mawu amenewo ankamudya mumtima.

M'mawa mwake atatuwo anakwera lole ya chipani yaulere, akuimba mokweza kuposa eni chipaniwo. Itangofika m'tauni, anatsika mozemba.

Tauni inali itasintha. Pamene Mapu adasiya msewu, tsopano panali mavenda a kaunjika okhaokha. Koma mkuluyo pakamwa sipanatsekeke.

"Apa panali mkuyu waukulu. Apo DC wachizungu adagwa ndi njinga. Uko..."

"Tabwera kudzaba kapena kusukulu?" anadandaula Sipanala.

Dzuwa lili paliwombo anachipeza chumuni chija, chitazilala, m'mbali mwa mtsinje. M'kati munkamveka phokoso lalikulu.

"Makina amenewo," anatero Mapu monyada. "Kosungira katundu ndi chakuno. Tilowera padenga."

Chimene Mapu sankadziwa n'chakuti fakitaleyo idatsekedwa kale, ndipo mpingo wina watsopano unkachitapo lendi. Tsikulo kunali chitsitsimutso. Pamene atatuwo ankakwawa pamalata adzimbiri, abusa pansi anali atatuluka thukuta, akufuula: "Ochimwa inu, kulikonse kumene mwabisala, Ambuye akutsitsani lero!"

Phwa! Malata anagonja. Mapu anagwera pamulu wa mphasa, Sipanala pa Mapu, Jeremiya pang'oma ya kwaya.

Nthungululu zake! Amayi anawazungulira, kuwasanjika manja, ena kulira kumene. Palibe anaganiza za umbava. Chitseko chinali yasa, ndipo Sipanala ananong'ona kuti, "Tiyeni tizituluka bwinobwino, aise." Akadapita ndithu. Koma abusa anamupatsa Mapu maikolofoni kuti achitire umboni.

Chibadwire Mapu anali asanagwirepo maikolofoni, komanso anali asanapezepo anthu ambiri chotere ofuna kumumvera. Anatsokomola pang'ono.

"Abale, nyumba muli kupemphereramo ino ine ndimaidziwa. Pamene pali guwapo panali makina oluka. Uko kunali ofesi ya kapitawo."

"Ameni!"

"Ndiye ife tinabwera kudzaba mabulangete, osadziwa kuti adasamuka. Ine Wilson, uyu Esau wa pa Mitundu, uyo Jeremiya, akukhalira ku Nathenje."

Pabenchi yakutsogolo panadzuka mkulu wampingo wamapewa aakulu, amene masiku ena onse anali sajeni wa polisi. Nayenso anati "Ameni", kenako anawagwira malamba.

Lolemba Rute anafika kupolisi atasenza kamtolo. Jeremiya anachita manyazi mpaka kulephera kumuyang'ana kumaso. Mkaziyo anamasula kamtoloko, natulutsa bulangete lija, lochapa bwino.

"Fundani, akuti kuno kumazizira."

"Nanga iwe uzifunda chiyani?"

"Ine ndikugona kwa amayi. M'nyumba muja amalume asungamo fodya wawo."

Anatembenuka, nauyamba wa ku Nathenje osacheuka.