Kamkanda ka Bambo

Lolemba
Bambo akana phala, akananso mankhwala a kuchipatala cha ku Mandimba. Akufuna chimodzi basi: amve kambalame kamene kankalira kwawo ku Ngauma nkhondo isanawathamangitsire ku Malawi. Dzina lake lenileni salidziwa. Ali anyamata ankangoti kamkanda, poti nkachikasu, pakhosi pali timadontho totuwa ngati mkanda. Ndawalonjeza kuti kabwera sabata yomwe ino. Pakamwa pangapa!

Lachiwiri
Ndatchera ulimbo mumtengo wa mango. Zogwidwa: pumbwa mmodzi, buluzi, malaya anga. Pumbwayo ndawaonetsa Bambo. "Ndikufa, koma sindinapenge."

Lachitatu
Ndazungulira mudzi wonse. Ayao akutchula dzina lawo, Amakhuwa lawo, aliyense akulumbira kuti amakadziwa bwino. Wokagwira palibe. Mkazi wanga waotcha pumbwa uja. Bambo sanalaweko.

Lachinayi
Ndakwera chapa, minibasi ya kuno, mpaka ku Cuamba, fumbi m'mano. Kumsika, wogulitsa mbalame akuti kumeneko amati shiriko, dzina lotengera kaliridwe kake. Akundikakamiza kopanda mkanda. Akundiyesa mwana ine? Ndaloza kamkanda ndithu. Wangoseka, wandipatsa motchipa. Njira yonse ndikudzitama kuti ndamupusitsa.

Lachisanu
Bambo akaona, misozi mbwee. "Nkomweka." Kakudya mapira, kakumwa madzi, kakuipitsa mphasa. Kuimba ayi. A Saide oyandikana nafe, amene anawetapo, akuti kamkanda nkakakazi ndipo sikaimba, koimba nkamphongo, kakhosi kopanda dontho. Ndiye kuti unyamata wawo wonse Bambo ankaona mkazi nkumamva mwamuna. Mtima ukupsa, koma ndikusowa womupsera.

Loweruka
Ku Cuamba sindingabwerere, mpweya wa Bambo wayamba kudukiza. Ndanjuta kuseri kwa zenera, ndikuimba likhweru monga ndinamvera kumsika kuja. Agalu a a Saide akuuwa, manyazi akundigwira. Mkatimo Bambo akuuza mkazi wanga, mawu ali pansipansi: "Kali ndi chimfine kameneka. Koma mukauze kasasiye." Ndaimba mpaka milomo kuuma, mpaka mkazi wanga kutuluka kudzandigwira paphewa.

Lamulungu
Tawaika masana ano, anthu abalalika. Ndatsegula kakhola. Kamkanda sikakutuluka, kakungondiyang'ana ndi diso limodzi. Ndakathirira mapira, nanga nkutani. M'nyumba muno woimba watsala ndine.