Loboti ya pa Dimba Langa ndi Mbuzi za Mateyu

Lolemba

Mbuzi za Mateyu zadyanso matimati anga. Mizere iwiri yathunthu! Ndikadandaula, yankho lake ndi lomwe lija: "Ndi chilimwe chino, anzanga, ziweto zimayenda zokha. Mwini dimba ndiye amange mpanda." Zoona, ndiwo mwambo wathu kuno ku Chiparamba. Koma amanena ndi pakamwa pa kalaliki wopuma ntchito, ngati akuwerenga lamulo la boma.

Esinati, mwana wanga wophunzitsa sayansi ku Chipata, wabwera ndi kabokosi kamene amaphunzitsira ana. Kali ndi diso la kamera ndi sipika. Akuti loboti ili ndi ntchito zitatu basi: kuona, kuganiza, kuchita. Akuti kabokosiko pachiyambi sikadziwa kanthu. Umakaonetsa zithunzi zambiri n'kumakauza kuti iyi ndi mbuzi, ichi si mbuzi, mpaka kazolowere kokha. Nzeru zopanga, akutero. Ine ndikuti umu ndi mmene amayi anandiphunzitsira kusiyanitsa bowa wodya ndi wakupha.

Ndipanga loboti yolondera dimba. Ine, wolekera Sitandade 3. Mateyu aone!

Lachiwiri

Pa njinga mpaka ku msika wa Kapata. Zofunika:
mota ya waipa ya galimoto yakufa;
batire ya njinga yamoto;
waya ndi mphira;
jekete langa la ukwati (amake Esinati sakudziwa).

Manja akukumbukira! Tili anyamata kubusa, katswiri wa magalimoto a waya ndinali ine. Ndinapanga lole ya matayala a zitini za polishi, chiwongolero chake chokhota ndithu. Mateyu anaibwereka kwa tsiku limodzi. Anapita nayo ku mishoni, mzungu anamusisita pamutu, ati mwana wanzeru. Iye anapitiriza sukulu, ine ndinapitiriza mbuzi. Lole sinabwerenso.

Lachitatu

Tsiku la zithunzi. Esinati wabwerera kuntchito, wandisiyira foni, wandisonyeza pobaya: pobiriwira ndi "mbuzi", pofiira ndi "ayi".

Ndabisala kuseri kwa nkhokwe pamene Mateyu akutsegula khola. Ndajambula mpaka chala kuwawa. Ndaonetsetsa kuti pa chithunzi chilichonse mwini mbuzi akuonekapo, ndi chipewa chake chabulauni chija, kuti asadzakane kuti si zake. Kuchepa sukulu si kupusa ayi.

Za "ayi": nkhuku, mtondo, amake Esinati akusesa.

Ndajambulanso mawu oti loboti izikuwa: "Choka, mbuzi iwe! Wakuba!" Amake Esinati ali kukhitchini: "Mukutukwana ndani m'mawa uno, atate ake?"

Lachinayi

Yaima! Mutu wa chipanda, diso pamphumi, jekete la ukwati, dzanja la nsungwi lomenya chitini. Ndaiyesa poionetsa chimodzi mwa zithunzi zija. Dzanja phaa, mawu anga kukuwa mpaka kudambo. Msozi wagwa wokha. Atate akanaona! Anapita ku mafamu a fodya kumwera ndili wamng'ono, osabweranso, sukulu yanga n'kuthera pomwepo. Masiku amenewo waya tinkachita kutola m'mbali mwa msewu wa ku Fort Jameson, Chipata ya lero, ndipo chinthu chikayenda unkadziwa chimene chikuchiyendetsa.

Madzulo mbuzi ina yadutsa pafupi penipeni. Loboti zii. Mwina dzuwa linali kumaso.

Lachisanu

Tsoka ine!

Azimayi a mpingo akuchokera kokaona wodwala. Patsogolo pawo Mateyu, mkulu wa mpingo, Baibulo m'khwapa. Njira imadutsa pa dimba langa. Atangotulukira, phaa phaa! "Choka, mbuzi iwe! Wakuba!" Mawu anga enieni, mudzi wonse umawadziwa. Mateyu akabwerera m'mbuyo, zii. Akayandikira, "Wakuba!" Azimayi agwira pakamwa. Mmodzi wachita kukhala pansi ndi phwete.

Nthawi yonseyi mbuzi zili pansi pa dzanja la loboti, zikudya repu mwamtendere ngati zaitanidwa.

Mateyu wavula chipewa, wayang'ana chipanda chija, wayang'ana ine. Wangoti: "Ndamva, anzanga."

Loweruka

Esinati wabwera, waona zithunzi, waseka mpaka kutsokomola. "Atate, mbuzi izi ina ndi yakuda, ina yoyera, ina yaoneka mchira wokha. Chimene chili pa chithunzi chilichonse ndi a Mateyu. Makina sadziwa kuti mbuzi n'chiyani, amangogwira chimene chikubwerezabwereza." Ndati ndiye kuti ndi opusa. Iye akuti ayi, ndi omvera.

Amake Esinati apeza jekete. Mbuzi yatafuna mkono wake wamanzere. Sanakalipe, ndiye kuipa kwake. Angoti: "Moyo wonse maso anu ali pa Mateyu. Nanga kabokosi kakanaphunzira chiyani kwa inu?" Lamulo: mawa ndikapepese.

Matimati otsala: okwanira ndiwo za tsiku limodzi, tikadya mosamala.

Lamulungu

Sindinapite kukapepesa. Mateyu wabwera yekha titaweruka kutchalitchi, atasenza mtolo wa nsungwi za mpanda. Loboti yamulandira monga mwa nthawi zonse. Iye wakhala pachitsa, wayang'anitsitsa mmene ndinalumikizira dzanja ku mota ija. "Manja awa sanakalambe," akutero. "Kubusa kuja palibe ankakuposani."

Ndati, nanga lole yanga ija?

"Lole iti?"

Sakukumbukira n'komwe! Katundu yenseyu ndakhala ndikusenza ndekha, iye akugona tulo tabwino.

Mpanda timanga mawa, akuti lero ndi Sabata. Esinati akufuna tifufute zithunzi tiyambirenso. Ndakana. Matimati apita basi. Loboti ndaisamutsa, ndaiimika pa njira yobwera kunyumba. Maso anga afooka masiku ano, sindiona patali. Ikakuwa kuti "Wakuba!", ndizidziwa kuti nthawi yakwana yotulutsa mpando wachiwiri.