Zikomo poonetsa bambo anga nyanja

Tandika,
Dar es Salaam.

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Basi Zoonetsa Alendo Mzinda.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndawomba m'manja. Ndine Kabula Maganga, telala wa pakhonde kuno ku Tandika, munthu woti ngakhale mlonda wa pageti panu sangataye malovu kundiyankha moni. Ndikudziwa kuti nthawi yanu ndi yodula, koma makolo anandilangiza kuti wokuchitira zabwino osamangomuthokoza chamumtima. N'chifukwa chake ndalemba poyera, kuti mzinda wonse umve zimene basi yanu inachitira bambo anga.

Bambo angawo, a Maganga, ndi mlimi wa njuchi kumudzi kwathu kufupi ndi Tabora. Chibadwire sanaonepo madzi oposa damu lomwera ng'ombe. Mu Disembala anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, ndipo adokotala sanabise mawu: mitsempha ikufa, mankhwala palibe, kwatsala miyezi yochepa. Panthawiyo n'kuti dzuwa likangolowa sakuonanso kanthu. Potuluka m'chipatalamo sanadandaule. Anangoti, "Kabula mwanawe, nyali isanazime undionetse nyanja yamchere ija. Ndikufuna ndione ndekha ngati n'zoona kuti ilibe tsidya."

Ndikanatha kuwakweza daladala, minibasi zathu zija, mpaka ku feri, padoko pamene boti limaolotsera anthu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinafuna kuti munthu amene wakalamba akulumidwa ndi njuchi kuti ife tiphunzire akhaleko tsiku limodzi pampando wofewa, wina aziwalozera zinthu ngati bwana. Ndinavindikira makina, n'kudzipatsa tchuthi, n'kuwasokera malaya atsopano. Matikiti anu ndinagula a Loweruka, tsiku lomaliza asanabwerere kumudzi. Ndiloleni tsono ndithokoze chimodzichimodzi.

1. Ndikuthokoza chifukwa cha mawindo. Basi yanu munaimata chithunzi chimodzi chachikulu kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, ndi mawindo omwe: nyanja yobiriwira, mzungu akumwa kokonati, nambala yanu ya foni pakati pa madzi. Oyenda pansi onse ankatembenuka kutisirira. Ife am'katife tinkaonera pa timabowo tonga ta sefa ya ufa, ndipo a maso abwinofe tinkaona mwachimbuuzi. Bambo anagunditsa mphuno pagalasi kwa nthawi ndithu, kenako anandinong'oneza kuti, "Kodi tanyamuka, kapena tikadali m'garaja?" Nditayesa kutsegula windo, a Fadhili, wantchito wanu wolozera alendo, anandiuza kuti munawakhoma dala kuti mpweya wozizira usathawe. Ndipo zoonadi, Bwana, sunathawe. Ife a Sitandade 7 nzeru zoterezi sitingazifikire.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha Chingerezi cha a Fadhili. M'basimo tinali a dziko lino ambiri ndi azungu ochepa, koma iwo anaona bwino kumene kuli ndiwo, anayang'ana komweko tsiku lonse. Ine ndinkatola kamodzikamodzi n'kumasulira. Nditati akunena kuti kumanja kuli nyumba yakale ya Ajeremani, bambo anatembenukira kumanja. Nditati kumanzere kuli tchalitchi chachitali, anatembenukira kumanzere. Atatopa khosi anati, "Mzinda wanuwu uli ngati Kumwamba, eti? Timangomvera kwa abusa."

3. Ndikuthokoza kuti simunatithamangitse. Pa msewu wa Ali Hassan Mwinyi tinaima m'kuthithikana kwa magalimoto mpaka mayi wina anamaliza kuluka mwana wake tsitsi. Titatulukamo, munatitsitsa pa sitolo ya ziboliboli, imene oyipa pakamwa akuti ndi ya alamu anu. Ine zimenezo sindikhulupirira. Ndikungodziwa kuti tinakhalapo mpaka mzungu womaliza atagula, dzuwa likupendeka ine ndikuliona. Ndinafunsa kuti nanga kunyanja tifika nthawi yanji. A Fadhili anandiyankha m'chilankhulo chathu, koyamba chiyambire m'mawa, kuti, "Dekhani mayi, nyanja sithawa, ilibe miyendo." Bambo anali akusisita njovu yamtengo. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Asiye mwanawe. Zingalume, phula n'tenga."

4. Apa ndiye pagona kuthokoza kwanga konse. Pomaliza basi inaima pageti la hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Mphepo inkanunkha mchere. Bambo anadzikonza kolala, n'kupukuta maso ndi mpango. Pamenepo m'pamene ndinaphunzira kuti matikiti anu ali mitundu iwiri, ya alendo ndi ya nzika, ndipo kuti munatichotsera mtengo potichotseranso nyanja. A tikiti ya alendo anavekedwa tizibangili ta pulasitiki n'kulowa. A tikiti ya nzika tinaloledwa kuwongola miyendo pamalo oimika magalimoto.

Ndinapempha mlonda wa hotelayo, Bwana. Ine amene sindinagwadirepo mwamuna wanga ndinagwada pasimenti yotentha, n'kufotokoza za maso a bambo, n'kunena kuti tingosuzumira n'kubwerera. Anayang'ana kumbali n'kuti, "Mayi, musandichotsetse ntchito. Nyanja ya kunoyi ndi ya alendo, yanu ili ku feri." Musamudzudzule, chonde, anagwira ntchito monga anaphunzitsidwira. Ndinathamanga kutsata mpanda kufunafuna mpata, koma mpanda wa hotelayo unagwirana ndi wa inzake, wa inzakewo ndi wa inanso. Omanga mipanda a mzinda uno ndi anthu ogwirizana kwambiri.

Nditabwerera ndinapeza bambo atatsamira khoma, khutu lili pasimenti, chipewa chili m'manja. Mafunde ankamveka kuseri, phwaa, phwaa. Ndinalira, Bwana, ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu. Iwo anati, "Khala chete iwe, ukundisokoneza. Imapuma ngati ng'ombe yogona." Titafika m'tauni dzuwa linali litalowa, ndipo ndinawatsitsa m'basi yanu chowagwira dzanja.

Ndinawachonderera kuti atsale tsiku lina limodzi. Anakana. Tikiti ya ku Tabora inali ya m'mamawa, mvula inali itayamba, ming'oma inalibe woyang'anira. Komanso ndikuwadziwa: sanafune kuti mwana wawo aone ngati ndalama zake zapita m'madzi. Paja akuti mlendo ndi mame. Anati abweranso akakolola uchi.

Sabata yatha mchimwene wanga Shija anaimba foni. Nyali ija yazima. Bambo tsopano amakhala pakhonde, ndipo anthu a m'mudzi amabwera kudzawafunsa za ulendo wawo. Shija akuti amawafotokozera mosaseka konse kuti, "Nyanja ndinaiona ndi maso angawa ndisanakwere basi. Ndi yobiriwira, ili ndi matayala, ndipo pakati pake pali nambala ya foni." Anthu amafa nako kuseka, iwonso n'kuseka nawo. Ine ndikamva sindiseka, ndimalasa chala ndi singano.

Musaganize kuti ndikufuna mundibwezere ndalama. Ndine yani ine? Ndiponso sindikudziwa sitolo imene ndingakagule nazo Loweruka lija. Sindikupemphanso kuti mumatule chithunzi chija, pakuti ndi nyanja yokhayo imene bambo anga anaiona, ndipo ndikufuna ikhalepo.

Pempho langa ndi laling'ono, lokomera bizinesi yanu. Uchi ukakololedwa bambo abweradi, monga analonjezera, ndipo ndidzapita nawo ku feri pa daladala kuti akaviike mapazi. Koma kuchipatala kuja ndinaona anzawo ambiri pamzere, ogwiridwa dzanja ndi ana awo. Tumizani basi yanu izikaima pageti pomwepo, ndipo pansi pa nambala ya foni mulembe kuti ulendowu ndi woyenera akhungu. Simudzakhala mukunama, Bwana. Mumzinda wonse uno, ndi m'basi yanu mokha mmene wakhungu ndi wopenya amalipira mofanana n'kuona zofanana.

Mulungu akusungireni maso anu mpaka ukalamba, kuti mudzawerenge kalatayi kawiri.

Ine wanu wotsikitsitsa, wa tikiti ya nzika,

Kabula Maganga