Mpope Wanga ndi a Solomoni

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa ngakhale kwa ana anga, koma poti mano anatha kale m'kamwa, manyazi ndiwasungirenji?

Nthawi ya Federation ndinali mesenjala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Chaka china manijala anakonza mpikisano wothamanga: kuchoka pa fakitale, kuzungulira minda yonse, n'kubwerera. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Madzi ndinawakana, ati amalemetsa mimba. Ndinafika wachiwiri, kumbuyo kwa a Solomoni, kapitawo wa othyola tiyi komanso mkulu wa mpingo.

Malaya anauma ali mizeremizere ya mchere. Koma vuto linali lina: tsiku lonse mkodzo osabwera. M'mawa mwake timadontho chabe, tofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Kukhala pansi kunandikanika. Kulowa m'chimbudzi, kutuluka, kulowanso. Mapeto ake ndinathamangira ku disipensale.

"Palibe matenda apa," anatero a dresa, maso ali pa kaundula. "Mwataya madzi ndi mchere wambiri m'thukuta. Ndiye mahomoni auza impso zanu kuti zitseke mpope, zisunge zotsalazo. Kamweni madzi ambiri, muthiremo kamchere."

Pa mawu oti mahomoni paja, makutu anga anamva kuti "a Solomoni."

Ndinagugudiza mabotolo anayi a madzi n'kulunjika pa sikelo pomwe ankayeza tiyi.

"A Solomoni, kupambana mwapambana. Nanga impso zanga mukuzilamuliranji?"

"Impso zanu, achimwene?"

"Musanamizire kudabwa. A dresa andiuza zonse. Tsegulani mpope!"

Azimayi anatula madengu. A Solomoni, munthu wofatsa, anayang'ana uku ndi uku, kenako anati, "Chabwino. Ndatsegula."

Mabotolo anayi aja anasankha nthawi yomweyo. Sindinafike ngakhale pa mzere woyamba wa tiyi, ndipo kabudula wa khaki sasunga chinsinsi.

Pofika madzulo esiteti yonse inali itamva kuti a Solomoni ndi mfiti. Akumpingo anatsala pang'ono kuwadula. Zinatengera a dresa kubwera pa sikelo, kujambula impso pa dothi ndi kamtengo, n'kufotokoza kuti mahomoni ndi timadzi ta m'thupi mwathu momwemu, tilibe nyumba ku malayini a antchito ndipo sitipemphera mpingo uliwonse.

Ndinakapepesa ndi nkhuku. Anandikhululukira, koma mpaka tsiku lomwe anapuma pa ntchito, tikakumana ankavula chipewa mwaulemu n'kufunsa, "Lero nditseke kapena nditsegule, achimwene?"

Mawu achizungu akakudutsa, funsa kaye usanamwe madzi.