Chibowo cha pa Duku Langa la Kutchalitchi

Ndili ndi duku lakuda la kutchalitchi lomwe lili ndi chibowo chakupsa pakati, chaching'ono ngati batani la malaya. Anthu akandifunsa ndimangoti, "Linapsa." Si bodza ayi. Koma lero ndiulule mmene linapsera, pakuti Mulungu anandichitira chifundo tsiku limenelo ngakhale ndinamutopetsa ndi mapemphero awiri otsutsana m'mawa umodzi.

Amuna anga, bambo a Rute, anagwira ntchito mumgodi kuno ku Bindura zaka zambiri, mpaka tsiku lina kamwala kanawalasa m'diso lamanzere, disolo n'kufa. Ngoziyo inachitika kutatsala pang'ono kuti kugwe kadamsana woyamba uja wa nyengo yozizira. Ndiye tsiku limene anthu onse anali panja kuona dzuwa likuzima masanasana, iwo anali gone m'chipatala, nkhope yonse m'mabandeji, akungomva manesi akukuwa pawindo. Zimenezo zinawapweteka mtima kuposa diso lenilenilo.

Atasiya ntchito, mzungu wina amene ankagwira naye pansi, pochoka m'dziko muno, anawasiyira telesikopu yoonera zakumwamba. Ndi chimpaipi choyera choima pa miyendo itatu. Kumunsi kuli kagalasi kosuzumirapo, kumtunda kuli kukamwa kwakukulu ngati sosa, kumene amavekako chivundikiro cha katoni chokhala ndi pepala lasiliva lopyapyala. Tsiku loyamba amuna anga anandikhazika pansi.

"Amake Rute, pepala ili ndiye mlonda wa diso. Popanda ili, munthu ukasuzumira dzuwa, diso limapsa usanaphethire n'komwe. Ndipo ine latsala limodzi."

"Ndamva, bambo."

(Ndinamvadi. Koma makutu anga ndi manja anga sagwirizana nthawi zonse.)

Chaka chotsatira wailesi inalengeza kuti kukubwera kadamsana wina, m'mawa, m'nyengo ya mvula. Anati kwathu kuno dzuwa silizima lonse, koma lilumidwa kwambiri. Bambo a Rute anasanduka mwana. Anaitana mzere wathu wonse wa nyumba kuno ku Chipadze, mpaka amayi abusa. Sabata yonse kunali mitambo, ndiye ankayeserera: mtambo ukangong'ambika pang'ono, amaloza chimpaipi poyang'ana mthunzi wake pansi, n'kuika diso msangamsanga. Ankati nyengo ya mitambo ilibe zoti dikirani ndikonze, mpata ukapezeka umasuzumira pompo.

Dzulo lake la kadamsana iwo anapita kutawuni kukametetsa. Ine ndinayamba kukonza m'nyumba, si kukubwera amayi abusa nanga. Ndinakolopa, ndinatsuka mapoto mpaka ndikudziona nkhope. Kenako maso anga anagwera pa chivundikiro chija, chili pa kabati. Pepala lasiliva linali ndi zidindo za zala ndi timadontho ta ntchentche. Ndinati, alendo aone zimenezi m'nyumba mwanga? Ndinapukuta ndi kansalu konyowa. Kadontho kamodzi kanakana. Ndinapaka sopo. Kanakanabe. Ndiye ndinatenga kasitiliwulu kotsukira mapoto, kakale kofewa, n'kupalapo pang'ono chabe. Pang'ono chabe, abale.

Kadonthoko kanachoka. Siliva nayenso anachoka. Pakati penipeni panatsala malo oyera mbee ngati windo, aakulu ngati kukamwa kwa kapu, ndikuona zala zanga kuseri kwake.

Mkazi wanzeru akanakhala pansi n'kudikira mwamuna wake. Ine ndinatenga pepala lonyezimira lokulungira mabisiketi, ndinalidula mozungulira bwinobwino, ndinakonza kaphala ka ufa, n'kumata. Poyang'ana chapatali simukanadziwa kanthu. (Sukulu ndinalekezera pulayimale, koma pa zigamba ndine katswiri.)

Bambo a Rute anabwera akuimba mluzu, mutu uli phuliphuli.

"Iii, nyumba yawala! Mawa tiona zodabwitsa, amake Rute."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule. Zimene zinatuluka ndi zakuti, "Ndikuthireni tiyi?"

M'mawa mwake nditatuluka panja ndinapeza kumwamba kuli bii, mitambo yochindikala ngati bulangete la kumgodi. Ndinagwada kukhitchini. "Ambuye, mwandiona. Mitambo iyi muigwire mpaka masana. Anthu akabalalika ndiwauza amuna anga mwakachetechete, ndikulonjeza." Ndiye poopa kuti angatenge chivundikiro m'manja n'kuona chigamba, ndinathamanga kukachiveka ndekha pa chimpaipi, chimene anali atachiimika kale pabwalo, kukamwa kwake kutaloza m'mwamba kupitirira mutu wawo.

"Ndakuvekerani kale chivundikiro, bambo."

"Mwaona! Mwayamba kuphunzira," anatero akumwetulira.

Mawu amenewo anandibaya ngati singano.

Anthu anayamba kufika. Amayi abusa tinawapatsa mpando wabwino. Mai Tendai, mnansi wathu wa Chishona amene amagulitsa matimati, anakhala pa benchi pafupi ndi mpanda. Ena anaima mumsewu. Bambo a Rute anali mu jekete ndi tayi, akuyang'ana wotchi, akuyang'ana kumwamba, akuyang'ananso wotchi. Kunawaza kamvula pang'ono n'kusiya. Ine ndinaima pa sitepe ya khonde pamene ndinkatha kuona chigamba changa, ndipo ndinakumbukira kuti phala la ufa ndi chinyezi ndi adani.

Nthawi inakwana. Kunja kunayamba kuda mwachilendo, ngati madzulo olakwitsa nthawi. Nkhuku zinasiya kupalasa. Koma dzuwa osaoneka.

"Nhai baba Rute," anatero mai Tendai, "ndasiya matimati anga pamsika kudzaonera mitambo? Mitambo ndili nayo kwathu, yaulere!"

Anthu anaseka. Bambo a Rute sanaseke. Anati chapansipansi, "Uyu ndikamuphonya, wachitatu sadzandipeza."

Apo amayi abusa anaimirira.

"Tikudandaula chiyani ngati tilibe Mulungu? Pano tili ndi mayi wa pemphero. Amake Rute, titsogolereni, mitambo iyi itseguke!"

Abale anga, munayamba mwapempherapo pakamwa pakunena zina, mtima ukukuwa zina? Ndinatseka maso.

"Atate wakumwamba, ngati kuli kufuna kwanu, koma ngati kuli kufuna kwanu kokha basi, tionetseni dzuwa. Komabe Inu mukudziwa kuti alimi akufuna mvula. Kumbukirani chimanga cha m'mapulazi, kumbukirani malalanje a ku Mazowe, musafulumire Ambuye, Inu nthawi yanu si yathu..."

"Mukupempherera dzuwa kapena malalanje?" anafunsa mai Tendai.

Amayi abusa anaona kuti ndafooka, ndiye analanda pemphero. Mayi uja ali ndi mawu ogwedeza malata. "Mitambo iwe, patuka! M'dzina la Yesu, patuka! Mtumiki uyu anamanidwa koyamba, lero aone!" Anthu onse, "Ameni! Ameni!" Ine ndekha mumtima, "Musamvere, Ambuye, chonde musamvere."

Kunabwera kamphepo.

Ndinatsegula diso limodzi. Chigamba changa chinali chitamatuka mbali imodzi, chikugwedera ngati chikundipatsa moni. Kamphepo kanawombanso. Chinamatuka chonse, chinauluka, n'kukatera pamiyendo pa mai Tendai. Nthawi yomweyo mtambo unang'ambika, pansi n'kuoneka mithunzi.

"Latuluka! Latuluka!" anthu anakuwa.

Bambo a Rute anasuntha chimpaipi poyang'ana mthunzi, monga anayeserera sabata yonse. Anatulutsa kampango, anapukuta diso lawo limodzi lija, n'kuyamba kuwerama.

Ndinafuna kukuwa, mawu anakana. Ndiye thupi linachita lokha. Ndinadumpha pa sitepe, ndinazula duku kumutu (tsitsi lili lolukidwa mbali imodzi yokha, pamaso pa amayi abusa), ndinawagunda amuna anga ndi phewa mpaka anakhala pansi m'matope ndi jekete lawo, ndipo ndinaphimba kagalasi kosuzumira kaja ndi duku.

"Amake Rute! Mwapenga?"

Panamveka kafungo ngati ayironi yaiwalidwa pa malaya. Kautsi kanatuluka pa duku. Nditalichotsa, panali chibowo chakupsa, pamalo penipeni pamene pakanakhala diso lawo.

Mai Tendai ananyamula chigamba chija n'kuchinunkhiza.

"Maiwe. Ichi si cha mabisiketi?"

Ndinagwada m'matope momwemo n'kuulula zonse: sopo, sitiliwulu, phala la ufa. Bambo a Rute anatenga duku, analowetsa chala pachibowo, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Munadziwa liti?"

"Dzulo, bambo."

"Nanga pemphero lija la malalanje?"

"Ndimapempherera mitambo, bambo."

Amayi abusa anagwira pakamwa. Ine ndinaganiza kuti mwina lero ndilongedza katundu wanga. Koma bambo a Rute anayang'ana kumwamba, n'kuimirira.

"Mlandu tikamba. Dzuwa silidikira milandu. Thamangani mukatenge kalendala ya pakhoma. Ndipo aliyense asayerekeze kuika diso apa!"

Anachotsa chivundikiro chowonongekacho, anagwira kalendala chakuseri kwake koyera, patali pang'ono ndi kagalasi kaja. Ndipo pa pepalapo panaoneka dzuwa, litalumidwa, latsala kachidutswa kopindika ngati chikhadabo chowengedwa. Tonse tinaona nthawi imodzi, popanda kukankhana. Mai Tendai anaombera m'manja, ana mumsewu analumphalumpha, amayi abusa anayambitsa nyimbo. Bambo a Rute anagwirabe kalendala, misozi ikutsika pa tsaya limodzi. Sipanapite nthawi, mitambo inatsekanso, mvula n'kuyamba.

Anthu atapita, ndinawaikira amuna anga tiyi. Sanamukhudze. Anakhala pakhonde, matope akuuma pa thalauza. Patapita nthawi anati:

"Pepala silikundiwawa, lina lidzapezeka. Chikundiwawa n'chakuti munakauza Mulungu amene ankadziwa kale, n'kundibisira ine amene sindinkadziwa."

Ndinangolira, ndipo ndikuthokoza kuti ndinalira pamaso pa munthu amene ankathabe kundiona.

Duku lija ndimavalabe. Ndikamagwada ndimaligwira pachibowo, kuti ndikumbukire kuti pali zinthu zina zimene sizifuna pemphero, zimangofuna kutsegula pakamwa. Mai Tendai sanaiwale. Kukachita ng'amba amafuula pampanda, "Amake Rute, tapemphererani malalanje, minda yauma!"

Chivundikiro chatsopano chinabwera patapita miyezi, ndipo bambo a Rute amachisunga m'bokosi la loko, kiyi m'thumba la jekete. Chimpaipi chimaima pakona m'chipinda chochezera, ndipo ndinalumbira kuti sindidzachikhudzanso. Koma fumbi la ku Bindura mukulidziwa. Sabata yatha ndinangozindikira ndaima pafupi nacho, kansalu konyowa kali m'manja, ndikuyang'ana kadontho kena pa galasi.

Mulungu alemekezeke, ndinangopukuta miyendo yake yokha.