Tsiku limene ndinagula jekete ya a Sakala

Mpaka lero minibasi ikamadutsa pa geti ya koleji ija ndimawerama ngati ndikumanga nsapato, chonsecho nsapato zanga zilibe zingwe. Amake Tisa, akazi anga, akuti nkhaniyi ndiinene ndekha anthu asanaithire mchere wambiri, poti kuno ku Ngungu ena afika ponena kuti ndinavula mtembo. Sindinavule mtembo ayi. Koma zimene ndinachita sizili patali kwenikweni.

Ine ndine wa salaula. Zaka makumi atatu ndi kanthu ndakhala ndikugulitsa zovala za kaunjika pa msika muno mu Kabwe, makamaka majekete. Nsalu ndikangoitsina ndi zala ziwiri ndimadziwa ngati idzafike Khirisimasi. Pa nkhani yonenerera mtengo ndiye musachite kufunsa. (Ndinanenererapo bokosi la maliro a malume anga mpaka wokhoma mabokosi anawonjezera zogwirira kuti ndingochokapo.)

Mwana wanga Tisa amaphunzira zisudzo ndi mbiri pa koleji ina m'tauni muno. Kumeneko ali ndi chizolowezi choitana alendo: mwezi uno wina akamba za ndale, mwezi wa mawa wina alakatula, mwezi winawo kubwera ovina. Ulendo umenewu mlendo anali Dokotala wina wa ku Lusaka (wa mabuku, osati wa jekeseni). Akamaliza kukamba, ophunzira amayenera kuchita sewero limene Dokotalayo anakonza, ndipo zinamveka kuti asankha awiri oti ayende nawo ku Ndola ndi ku Kitwe. Tisa anali m'seweromo. Mwezi wonse mwanayo nshima ankangoinyema m'mbali.

"Atate, mubwere," anatero Tisa dzulo lake. "Koma nipempha chinthu chimodzi chabe. Mufike, mukhale pansi, muwombe m'manja, mubwerere kunyumba. Osakamba na munthu."

"Iwe, ine ndine mwana?"

"Tsiku munaniperekeza ku koleji munafunsa aphunzitsi aakulu kuti suti yawo anagula zingati, ndiye munawauza kuti anawabera."

"Koma anawaberadi."

"Atate!"

Za sewerolo anandifotokozeranso ndithu, koma nthawi imeneyo pa wailesi panali mpira.

Mwambo umayamba 2 koloko masana. Amake Tisa anali ku maliro ku Nakoli, ndiye ndinapita ndekha, popanda wondiyang'anira. Ndinafika ola lathunthu nthawi isanakwane. Holo inali yotseka, choncho ndinazungulira kuseri kufuna kadzuwa, poti unali mwezi wa Juni ndipo mphepo imalowa mpaka m'mafupa.

Pa khonde la kuseriko ndinapeza tenti itayalidwa pansi, pamwamba pake mulu wa zovala: maovololo, majombo, zisoti za mumgodi, majuzi. Pambali panakhala mayi wina, chitenje m'chiuno, duku kumutu, akupinda chimodzi chimodzi. Ndinati mumtima, mayi uyu mutu ulipo, wamva kuti kubwera anthu.

Ndiye ndinaiona. Jekete yabulawuni, ya ubweya wokhuthala, mabatani a chikopa, kachigamba pa chigongono kosokedwa ndi ulusi wobiriwira. Zoterezi m'mabelo a kaunjika a masiku ano simungazipeze. Mtima unati phaa. Koma lamulo la ntchito yathu n'lakuti chinthu ukachikonda, uyambe wachinyoza.

"Mwachoma bwanji, amai. Ni zingati kasanza aka?"

Mayiyo anadzutsa mutu. "Izi sizogulitsa, atate."

Ndinaseka. Tonse timatero. "Sizogulitsa," "wina wasungitsa kale," "iyi nivala nekha." Tanthauzo lake ndi limodzi: wogula waonetsa mano msanga.

"Awe amai, tisavutane, ine ndine wa pa msika. Onani kolala yatha. Chigamba ichi anasoka ndani, wakhungu? Nunkhizani, fungo la sutikesi ya pansi pa bedi. Mwini wake anafera momwemu uyu."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwini wake anamwaliradi."

"Mwaona! Manje tsitsani."

M'malo mokwiya, mayiyo anatulutsa kabuku ndi cholembera. (Ine ndinati eya, wayamba kufewa.)

"Tandiuzeni, atate," anatero, "chinthu chikakalamba, mtengo amaika ndani?"

"Wogula, amai. Uyambe wamuuza mwini wake kuti chinthucho chatha ntchito. Umuuze kawiri, katatu, mpaka akhulupirire. Akakhulupirira, amachita kukuthokoza pomulanda."

Analemba zonse. Ndinamva kukoma, poti kunyumba kwanga palibe amene analembapo mawu anga.

Kenaka mtsikana wina anasuzumira pa khomo n'kumukodola. Mayiyo ananyamuka. "Musagwire chilichonse, atate, nibwera."

Tsopano apa mundimvetse. Pa msika, wogulitsa akakusiya wekha ndi katundu muli pakati pokambirana, ndiye kuti wavomera, akungochita manyazi. Ndinadikira pang'ono, osabwera. Ndinapinda ndalama zimene ndinaona kuti n'zoyenera, n'kuzilowetsa mu jombo imodzi kuti mphepo isaulutse, ndipo jekete ija ndinaivala. Inandikhala ngati anandiyeza.

Ndi jekete yomweyo imene inandipha. Wolandira alendo pa khomo atandiona anati ndine munthu wamkulu, n'kundikhazika mzere woyamba, pafupi ndi mayi wina wachikulire wovala chitenje cha azimayi a Chikatolika. Mayiyo ndinamupatsa moni, koma maso ake anali pa chigongono changa.

"Mwaikonda?" ndinanong'ona. (Tisa anati osakamba na munthu, koma kunong'ona si kukamba.) "Nagula manje manje kuseri uku. Mayi wake anavuta maningi, koma namugonjetsa. Chigamba chokhachi ndiye chonyansa, mawa nichotsa."

Mayiyo anachita chizindikiro cha mtanda. Ndinaganiza kuti akupempherera mwambo.

Holo itadzaza, aphunzitsi aakulu aja (suti yomwe ija) anaimirira n'kunena kuti tilandire mlendo wathu. Tinawomba m'manja. Pa siteji panakwera mayi wovala magalasi, wopanda duku, wopanda chitenje, m'manja kabuku. Manja anga anaima m'malere. Anali mayi wa kuseri uja.

Anthu inu! Dokotala anayamba kukamba za mgodi wathu utatsekedwa, mmene makina, nyumba ndi zitsulo zinapitira kwa anthu odziwa kugula, ndi mmene amuna amene anakumba pansi pa tauni ino anatsalira manja m'thumba. Anati wayenda khomo ndi khomo ku Makandanyama, ku Nakoli ndi ku Ngungu kubwereka zovala za anthu a mumgodi amene anamwalira. Anati akazi amasiye ena anachita kulira potulutsa zovalazo m'masutikesi, ndipo iye anawalonjeza kuti ngakhale batani limodzi silisowa.

Ndinayang'ana mabatani anga. Onse analipo. Ine ndi amene sindimayenera kukhalamo.

"Ndinakonza zambiri zoti ndinene za ndale," anapitiriza Dokotala, akutsegula kabuku kaja, "koma lero lomwe kuseri uku ndakumana ndi katswiri woposa ine." Ndipo anawerenga mawu anga onse, kuyambira kasanza, wakhungu, kufikira pothokoza wokulanda. Holo inafa ndi kuseka. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ameneyo aimire chisankho!" Ine ndinabisa nkhope kuseri kwa pepala la ndondomeko, thukuta lili kamukamu mwezi wa Juni.

Ndinaganiza zoivula mwakachetechete n'kuikankhira pansi pa mpando. Nditangotulutsa phewa limodzi, dzanja linandigwira mkono. Anali mayi wachikulire uja.

"Pansi ayi," anatero motsitsa mawu. "Jekete iyo sinagonepo pansi."

Ndinabweza phewa.

Kenaka ng'oma inayamba, ophunzira anakokera tenti ija pa siteji ndi mulu wake. Sewero lake linali lotere: aliyense amatenga chovala chimodzi, n'kuvala, n'kutchula dzina la mwini wake ndi ntchito imene ankagwira. Anthu anasiya kuseka. Kumbuyo kwanga wina anayamba kufwenthera. Wophunzira wina wamtali anatenga majombo, n'kulowetsa phazi, n'kuima. Anavula, n'kupisamo dzanja, n'kutulutsa ndalama zanga, n'kumaziyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Penshoni yafika!" anakuwa wa kumbuyo uja. Anthu anawomba m'manja poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Dokotala sanawombe. Anavula magalasi n'kuyamba kuyang'ana mzere ndi mzere.

Womaliza anali Tisa. Anafika pa tenti, pamene panatsala chisoti chimodzi ndi juzi. Ananyamula juzi, pansi palibe kanthu. Anatukula tenti. Anayang'ana kuseri kwa nsalu. Woimba ng'oma anangopitiriza, poti nayenso sankadziwa kuti atani. Kenaka Tisa anatembenukira kwa mayi wachikulire uja, ngati wofuna kupepesa, ndipo maso ake anagwera pa ine.

"Atate?"

Anaiwala kuti maikolofoni ili pa chibwano. Holo yonse inamva. Ng'oma inaleka.

Mayi wachikulire uja anaimirira, n'kundikoka mkono wa jekete ngati mbuzi yopita ku msika, mpaka pa siteji. Masitepe anali anayi okha koma ndinakalamba ndili pa lachiwiri. Ndinavula jekete pamaso pa anthu onse, n'kuipereka ndi manja awiri kwa mwana wanga wobala ndekha. Sanandiyang'ane. Ndinkadziwa kuti Ndola ndi Kitwe ndamuphera ndine, ndipo ndinayembekeza kuti athawa akulira.

Sanathawe. Anaivala, n'kumanga mabatani onse mosafulumira.

"Ine ndine Gabiriyele Sakala," anatero. "Ndinkayendetsa chikepe chotsitsa anthu mumgodi. Jekete iyi ndinkavala ku Misa kokha. Chigamba ichi anasoka mkazi wanga, uyo waima apoyo." Kenaka ananena mawu amene sanali m'sewero. "Lero kunabwera munthu. Anati ndatha ntchito. Anadziikira mtengo yekha, n'kusiya ndalama mu jombo ya mnzanga. Aka si koyamba kutichita zotere."

Anthu anaimirira, kuwomba m'manja, azimayi nthungululu. Ine ndinali chiimire pakona ya siteji ndi shati yokha, ngati wakuba nkhuku amene akudikira apolisi. Wina anandijambula pa foni. (Ngati munachiona chithunzicho, mimba ija ndi shati chabe, inafufuma ndi mphepo.)

Titatuluka, Dokotala anandipeza ndikufunafuna geti yakumbuyo. Anandibwezera ndalama zanga zili chipindire.

"Mwana wanu nimutenga," anatero. "Osati chifukwa cha inu. Chifukwa sanathawe pa siteji. Ine nikanathawa."

"Zikomo, ba Dokota. Manje poti mawu anga mwagwiritsa ntchito..."

"Atate, pitani kunyumba."

Tisa sanandilankhule mpaka tsiku lonyamuka. Zonse zimadzera kwa amake: "Auzeni amuna anu asunthe, nifuna kusesa."

Lamulungu lotsatira, titatuluka Misa, amake Tisa anandinyamulitsa nkhuku mpaka ku Makandanyama kwa amai Sakala. Ndinagwada pa khonde, mawondo akulira. Jekete ija inali itapachikidwa pa msomali m'chipinda chochezera, ndimaiona pa khomo. Ndinapepesa mmene ndinathera. Amai Sakala anandisiya ndimalize, n'kulandira nkhuku, n'kuipima m'manja.

"Inu simunikumbuka," anatero. "Kale munkagulitsira pafupi na sitesheni ya sitima, pansi pa mtengo. Nthawi imeneyo munali na tsitsi."

Ndinavomera kuti tsitsi ndinali nalo.

"Jekete ija malemu anagula kwa inu. Ine ninalipo, Dalitso wanga ali kumsana. Ananenerera mpaka miyendo yanga inatupa, inu osatsitsa. Munati, 'Bwana, iyi si kasanza. Iyi inu mudzapita, iyo idzatsala.'"

Mawuwo ndi anga ndithu, ndimawanenabe mpaka lero.

"Simunaname," anatero amai Sakala, akuyang'ana ku msomali kuja. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma chigamba ninasoka ndine, na maso awiri."

Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiuza kuti chinthu sichogulitsa, manja ndimalowetsa m'thumba n'kuchokapo. Ndinalumbira pa khonde lomwelo, amake Tisa ndi mboni.

Kungoti potuluka, pakona ya khondelo panali makina osokera akale, aja achitsulo chokhachokha opalasa ndi phazi, atafunditsidwa thumba. Zoterezi masiku ano simungazipeze.

"Amai," ndinamva pakamwa panga pakunena pokha, "aka kachitsulo kadzimbiri aka..."

Amake Tisa anandiponda chala ndi chidendene cha nsapato ya ku tchalitchi. Chikhadabo chake chinayamba kumera mwezi wathawu.